Mmene mungawonerere sewero la Full House mwatsopano ndi kumvetsa zimene linasiya pa wailesi yakanema ya ku America

Anthu ambiri amene anawonerako Full House ali ana amalikumbukira ngati sewero la phwete lokhalokha, la kamwana kolankhula mawu oposa msinkhu wake ndi la amuna atatu osadziwa kusamala pakhomo. Kukumbukira kotereku sikolakwika, koma n'kosakwanira, chifukwa sewerolo linayambira pa maliro. Danny Tanner, bambo wa ana aakazi atatu mumzinda wa San Francisco, waferedwa mkazi wake Pam pa ngozi ya galimoto imene anaichititsa dalaivala woledzera, ndipo poona kuti sangathe kulera anawo yekha, akupempha mlamu wake Jesse ndi mnzake wapamtima Joey Gladstone kuti adzakhale naye m'nyumba imodzi. Zonse zoseketsa zimene zinabwera pambuyo pake zinamangidwa pa maziko amenewa. Sewerolo analiyambitsa Jeff Franklin, ndipo linaulutsidwa pa wailesi yakanema ya ABC kuyambira pa 22 September 1987 mpaka pa 23 May 1995, m'masizoni 8 ndi magawo 192. Amene akufuna kuliwonera tsopano ali wamkulu, osati pongofuna kutsitsimutsa ubwana wake koma kuti amvetse chifukwa chimene linakhalitsira m'mitima ya anthu, ayenera kutsata njira yosiyana pang'ono ndi imene ankaliwonerera kale.

Pezani magawo athunthu, ndipo musatambasule chithunzi

Ntchito yoyamba ndi kupeza magawo amene sanadulidwe. Gawo lililonse linkapatsidwa theka la ola pa wailesi yakanema, koma mukachotsa nthawi yotsatsa malonda, sewero lenilenilo limatsala mphindi zoposa 20 pang'ono. Masewero a ku America akamabwerezedwa m'mawailesi ena patapita zaka, kawirikawiri amadulidwanso pang'ono kuti malonda achuluke, ndipo zimene zimayamba kuchotsedwa ndi tizigawo tachete timene sitiseketsa kwambiri, pamene tizigawo timeneto ndi timene tikufunika kwa munthu wofuna kulimvetsa sewerolo. N'chifukwa chake ndi bwino kufunafuna ma DVD a masizoni onse 8, kapena malo ovomerezeka a pa intaneti amene amaonetsa magawo athunthu. Pa DVD ya sizoni yoyamba palinso chinthu chimene ambiri sanachionepo, chomwe ndi gawo loyeserera limene silinaulutsidwe, mmene Danny anali John Posey osati Bob Saget. Ndi bwino kulisunga gawoli mpaka mutamaliza sizoni yoyamba, chifukwa pamenepo m'pamene mungaone bwino kuchuluka kwa zimene munthu mmodzi amabweretsa pa mawu omwewo olembedwa.

Full House linajambulidwa m'nthawi ya ma TV a galasi lofupika m'mbali, pa muyeso wa 4:3. Ma TV amakono ambiri amatambasula chithunzi chotere kuti chidzaze galasi lonse, ndipo nkhope za anthu zimaoneka zotupa. Sinthani makonzedwe a TV yanu kuti chithunzi chikhale mmene chinajambulidwira, ngakhale m'mbali mukhale mizere yakuda. Ojambula ankaika anthu pafupipafupi mwadala kuti onse akwanire m'chithunzi chopapatizacho, ndipo kuthithikana kumeneku ndi mbali ya tanthauzo la dzina la sewerolo, lomwe likunena za nyumba yodzaza.

Yambani pachiyambi, ndipo tsatirani mayi amene palibe

Masewero a mtundu umenewu, amene ku America amawatcha sitcom, analembedwa mwakuti munthu angathe kuyambira gawo lililonse osasochera. Ngakhale zili choncho, ndikukulimbikitsani kuyambira gawo loyamba lenileni, ndipo muliwonere kawiri. Ulendo woyamba sekani mmene mungathere pamene Jesse ndi Joey akulimbana ndi kusintha thewera la Michelle, khanda la Danny, ntchito imene sanaigwirepo chibadwire. Ulendo wachiwiri yang'anani D.J., mwana woyamba wa zaka 10, amene akulandidwa chipinda chake kuti azigona ndi mng'ono wake Stephanie, ndipo akusamutsira katundu wake m'galaja. Poyamba zimaoneka ngati makani a mwana wofuna zake zokha, koma bambo ake atamutsatira n'kukhala naye pansi, zimadziwika kuti mwanayo akulira zinthu zambiri zimene zachoka motsatizana: mayi ake, agogo ake amene anabwera kudzathandiza ndipo tsopano abwerera kwawo, kenaka chipinda chake. Gawo loyambali likuphunzitsani mmene magawo ena onse adzayendere.

Mukatero, tengani kabuku kapena foni muzilemba gawo lililonse limene Pam akutchulidwa. Mudzaona kuti satchulidwa kawirikawiri, koma akatchulidwa, sewerolo limasintha kayendedwe. M'sizoni yoyamba muli gawo la Thanksgiving, chikondwerero cha kuthokoza cha chaka ndi chaka ku America, choyamba chimene banjali likuchita popanda iye, ndipo amene akulephera kudzigwira si ana okha ayi, komanso Jesse, amene ambiri amaiwala kuti wataya mlongo wake. Jesse ndi malume a anawo, ndipo kusamukira kwake m'nyumbamo, kusiya moyo wa njinga yamoto ndi zoimbaimba za usiku, n'chinthu chimene akuchitira malemu mlongo wakeyo. M'sizoni yachiwiri muli gawo limene chidole cha chimbalangondo cha Stephanie chikusowa, ndipo banja lonse likuwonera tepi ya vidiyo ya tsiku limene Pam anabwera kuchokera kuchipatala atanyamula Michelle. M'sizoni yachinayi Stephanie akuitanidwa ku phwando logonera komweko la atsikana ndi amayi awo, ndipo Joey akupita m'malo mwa mayiyo, koma ngakhale ayesetse bwanji sangakwanire pamalopo. M'sizoni yomaliza, D.J. akulanda makiyi a galimoto kwa mnzake Kimmy Gibbler amene wamwa mowa ku phwando, ndipo pamene akukangana tsiku lotsatira, akumukumbutsa mmene mayi ake anafera. Mukaika magawo amenewa pamzere umodzi, mudzaona kuti olemba sanaiwale chimene chinadzaza nyumbayo, mpaka m'sizoni ya 8.

Pali magawo enanso amene muyenera kuwapatsa nthawi. Pa 17 October 1989 chivomerezi chachikulu cha Loma Prieta chinagwedeza dera la San Francisco, ndipo m'sizoni yachitatu sewerolo linapanga gawo limene Stephanie, chifukwa cha mantha a chivomerezi, akukana kusiyana ndi bambo ake mpaka kupita naye kwa mlangizi wa maganizo. Mwana amene anataya kholo limodzi akuopa kutaya lotsalalo, ndipo olemba anaona bwino kugwirizana kwa zinthu ziwirizi. Palinso gawo limene D.J. akudzimana chakudya pofuna kuchepetsa thupi, gawo limene Stephanie akuzindikira kuti mnzake wa m'kalasi amamenyedwa ndi bambo ake, ndi gawo la m'sizoni ya 7 limene agogo ake a Jesse, obwera kuchokera ku Greece, akumwalira ali mtulo m'nyumba momwemo. Ngati mukuwonera ndi ana, magawo amenewa yambani mwawawonera nokha, kuti mudziwe mafunso amene angabwere ndi mmene mungawayankhire.

Phunzirani kuona mmene gawo linamangidwira

Mukawonera magawo khumi kapena kuposerapo, mudzayamba kuona kuti pafupifupi onse amayenda njira imodzi. Pamakhala nkhani yaikulu, imene nthawi zambiri imakhudza mmodzi wa ana, ndi nkhani yaing'ono yoseketsa imene imakhudza akuluakulu kapena Michelle. Nkhani ziwirizi zimasinthana mpaka vuto litafika pachimake, kenaka mwana amathamangira kuchipinda chake, wamkulu amagogoda pachitseko, nyimbo yapansipansi imayamba, awiriwo amalankhulana atakhala pabedi, ndipo amakumbatirana. Olemba ndemanga za masewero m'nyuzipepala za ku America sanalikonde sewerolo pamene linkayamba, ndipo chimodzi mwa zimene ankadandaula ndi chimenechi, kuti mavuto onse amatha mofulumira ndiponso mokoma mopitirira muyeso. Dandauloli lili ndi mfundo, ndipo pali magawo ena amene vuto lalikulu likuthetsedwa m'mphindi ziwiri mosakhutiritsa. Komabe ndikupemphani kuti pa zokambirana za pabedizo muzitchera khutu kuti ndani akupepesa. Nthawi zambiri ndi wamkulu amene akuvomera kuti analakwitsa, kuti anakalipa asanamve, kapena kuti nayenso ali ndi mantha. Kwa mwana wowonera, kuona munthu wamkulu akupepesa kwa mwana mlungu ndi mlungu sichinali chinthu chaching'ono, ndipo ndikukhulupirira kuti apa m'pamene pagona chikondi chimene anthu amene anali ana panthawiyo ali nacho pa sewerolo mpaka lero.

Chachiwiri choti muphunzire kuona ndi makamera. Full House linkajambulidwa ndi makamera angapo nthawi imodzi, pamaso pa anthu owonerera atakhala m'situdiyo ngati m'holo ya zisudzo. N'chifukwa chake chipinda chochezera ndi khitchini zili ndi makoma atatu okha, ndipo simudzaona khoma lachinayi, pakuti kumeneko n'kumene kunali makamera ndi anthu. N'chifukwa chakenso anthu akakhala patebulo sakhala mozungulira, koma amasiya mbali imodzi yopanda munthu. Yang'anani mmene ochita sewero amaimira kaye akanena mawu oseketsa, kudikira kuti kuseka kutsike asanapitirize. Luso limeneli ndi lovuta kuposa mmene limaonekera, chifukwa kuyamba msanga kumakwirira mawu otsatira, pamene kuchedwa kumaziziritsa nthabwala. Bob Saget ndi Dave Coulier, amene ankasewera Joey, anali anthu a nthabwala za papulatifomu asanalowe m'sewerolo, ndipo kuzolowera kwawo kumvetsera gulu kumaonekera. Kuseka kumene mukumva n'kwa anthu enieni m'magawo ambiri, ngakhale kuti m'masewero a mtunduwu akatswiri a mawu ankatha kuwonjezera kapena kusalaza kusekako pokonza tepi, makamaka m'tizigawo tojambulidwa padera. Chizolowezi chimenechi chinayamba m'zaka za m'ma 1950 ndi katswiri wa zamawu Charles Douglass, amene anapanga makina osungira kuseka kojambulidwa.

Njira yabwino yodziphunzitsira zonsezi ndi kusankha gawo limodzi limene mwaliwonera kale, kutsitsa mawu onse, ndi kuliwonera mphindi zisanu mwakachetechete. Popanda mawu mudzaona anthu akulowa ndi kutuluka pa zitseko ndi pa masitepe awiri a nyumbayo, a kuchipinda chochezera ndi a kukhitchini, ndipo mudzamvetsa kuti nyumbayo inamangidwa ngati makina obweretsa munthu pakati pa nkhani panthawi yake yeniyeni.

Penyani ana akukula

Michelle ankaseweredwa ndi ana awiri, mapasa Mary-Kate ndi Ashley Olsen, amene anabadwa pa 13 June 1986 ndipo anayamba ntchitoyi asanakwanitse chaka. Malamulo a ku California amachepetsa kwambiri maola amene khanda kapena mwana wamng'ono angagwire ntchito m'situdiyo, choncho opanga masewero amakonda kulemba mapasa kuti azisinthana pa udindo umodzi. Kwa zaka zingapo maina a awiriwa ankalembedwa koyambirira kwa sewero mophatikizana ngati dzina la munthu mmodzi. Mukamawonera motsatana, mudzaona mmene olemba anasinthira kulemera kwa nkhani pamene Michelle anayamba kulankhula: m'masizoni oyambirira iye ndi khanda longonyamulidwa, koma pofika pakati pa sewerolo wasanduka mwini nkhani m'magawo ambiri, ndipo Stephanie, amene ankaseweredwa mwaluso ndi Jodie Sweetin, akutsalira pakati. Ine ndimaona kuti kusintha kumeneku kunalanda sewerolo zina mwa mphamvu zake, chifukwa D.J. ndi Stephanie ndi amene ankawakumbukira mayi awo, pamene Michelle sanawadziwe. Gawo lomaliza la sewero lonse, limene Michelle akugwa pa hatchi n'kuiwala zonse, likubwerera ku mfundo imeneyi pamene mwanayo akufunsa za mayi ake, ndipo ndi limodzi mwa magawo amene mapasa onse awiri akuoneka limodzi.

Nyumbayo nayonso ikudzazirabe. Rebecca Donaldson, amene ankaseweredwa ndi Lori Loughlin, akulowa m'sizoni yachiwiri ngati mnzake wa Danny pa pulogalamu ya m'mawa ya pa TV, akukwatiwa ndi Jesse m'sizoni yachinayi, ndipo m'sizoni yachisanu akubereka mapasa aamuna, Nicky ndi Alex. M'malo mosamuka, banja latsopanoli likukhala m'chipinda chapamwamba, pansi pa denga. Kanthu kena kakang'ono koti muone n'kakuti m'sizoni yoyamba dzina la bambo la Jesse ndi Cochran, koma kuyambira sizoni yachiwiri ndi Katsopolis, chifukwa John Stamos, amene ankasewera Jesse, anafuna kuti munthuyo asonyeze kuti makolo ake anachokera ku Greece monga iye mwini.

Musasokonezedwe ndi San Francisco

Zithunzi zotsegulira sewerolo zimaonetsa mlatho wa Golden Gate ndi banjalo likudya pa udzu wa ku Alamo Square, kutsogolo kwa mzere wa nyumba zakale zopakidwa utoto zotchedwa Painted Ladies. Ambiri amaganiza kuti banja la Tanner linkakhala mu imodzi mwa nyumba zimenezo, koma nyumba imene kunja kwake kumaonetsedwa ili mumsewu wina, wa Broderick. Za m'kati mwa nyumba zonse zinkajambulidwa m'masitudiyo a m'dera la Los Angeles, kutali ndi San Francisco, ndipo gawo limene linajambulidwadi mumzindawo ndi loyamba la sizoni ya 8, pamene galu wa banjalo, Comet, akuthawa ndipo onse akumufunafuna m'misewu.

Liikeni pakati pa anzake

Simungadziwe chimene Full House linasiya musanadziwe chimene linalandira. Mukamaliza masizoni awiri kapena atatu, imani kaye ndipo muwonere gawo limodzi kapena awiri a masewero akale amene analitsegulira njira. Loyamba likhale I Love Lucy, limene linaulutsidwa pa CBS kuyambira 1951 mpaka 1957. Lucille Ball ndi mwamuna wake Desi Arnaz anaumirira kuti sewero lawo lijambulidwe pa filimu ku Los Angeles, ndi makamera atatu, pamaso pa anthu owonerera, ndipo katswiri wojambula Karl Freund anakonza kaunikidwe ka magetsi kolola makamera onse kujambula nthawi imodzi. Njira ya makamera angapo pamaso pa owonerera imeneyi ndi imene Full House linkagwiritsa ntchito patapita zaka zoposa 30, ndipo popeza magawo a I Love Lucy anasungidwa pa filimu yooneka bwino, anatha kuulutsidwanso mobwerezabwereza, zomwe zinasonyeza makampani kuti sewero lakale ndi chuma.

Kenaka onani My Three Sons, limene linayamba mu 1960 ndi kutha mu 1972. M'menemo muli bambo wofedwa amene akulera ana aamuna atatu mothandizidwa ndi mwamuna wachikulire wa m'banjamo, ndipo mudzazindikira msanga kuti nkhani ya nyumba yopanda mayi sinayambe ndi banja la Tanner. The Brady Bunch, la Sherwood Schwartz, limene linali pa ABC kuyambira 1969 mpaka 1974, likuonetsa mabanja awiri akuphatikizana kukhala limodzi la ana 6, ndipo nalonso linatchuka kwambiri pamene linkabwerezedwa kuposa pamene linkaulutsidwa koyamba. Kuti muone mbali ina, onerani All in the Family la Norman Lear, la 1971 mpaka 1979, mmene banja likukangana poyera pa nkhani za tsankho, nkhondo ndi ndale. Mukabwerera ku Full House mutaona limeneli, mudzaona bwino zimene linasankha kusiya kunja kwa chitseko. M'nyumba ya Tanner simumveka mikangano ya ndale, umphawi weniweni suoneka, ndipo ngakhale San Francisco ndi mzinda wa anthu a mitundu yambiri, nkhope zimene zikuoneka kawirikawiri ndi za azungu. Wowonera wachilungamo ayenera kuziona zimenezi ndi kuzivomereza, osati kuzibisa chifukwa chokonda sewerolo.

Chimene Full House linawonjezera chinali kuika ana patsogolo monga owonera enieni. Mu 1989 ABC inasonkhanitsa masewero ake a Lachisanu madzulo pansi pa dzina limodzi la TGIF, ndipo Full House linali m'gulu loyambalo pamodzi ndi Perfect Strangers, Just the Ten of Us ndi Family Matters. Cholinga chinali chakuti makolo ndi ana akhale pamodzi kwa maola awiri osasintha tchanelo. Kampani ya Thomas Miller ndi Robert Boyett, imene inali kumbuyo kwa Full House, inapanganso Family Matters ndi Step by Step, ndipo mukawonera atatuwa motsatizana mudzamva kufanana kwa nyimbo zotsegulira, pakuti Jesse Frederick ndi Bennett Salvay ndi amene ankazipeka. Kuti muone mmene masewerowa ankathandizirana, funani gawo la m'sizoni yachinayi limene Steve Urkel wa mu Family Matters, woseweredwa ndi Jaleel White, akubwera kudzalimbikitsa Stephanie amene akuchita manyazi ndi magalasi a maso. Mu 1991 Full House linasamutsidwira Lachiwiri, ndipo m'zaka zimenezo linalowa m'gulu la mapulogalamu khumi owonedwa kwambiri m'dziko lonse la America.

Koma moyo wautali wa sewerolo unabwera litatha. Ku America sewero likafika pa magawo pafupifupi 100 limakhala lokwanira kugulitsidwa kwa mawailesi ena kuti azilionetsa tsiku lililonse la mlungu kwa miyezi ingapo osabwereza gawo, ndipo Full House linali ndi magawo pafupifupi kuwirikiza kawiri chiwerengerocho. Linabwerezedwa kwa zaka zambiri m'matchanelo osiyanasiyana, kuphatikizapo Nick at Nite, mwakuti ana obadwa sewerolo litatha kale analidziwa ngati lawo. Pamene masewero a banja a m'zaka zotsatira, monga Malcolm in the Middle la 2000 ndi Modern Family la 2009, anasiya anthu owonerera m'situdiyo ndi kuyamba kujambulidwa ngati filimu, popanda kuseka kwa gulu, njira yakaleyo inapitirira mwamphamvu m'masewero a ana a pa Disney Channel ndi Nickelodeon. Mukawonera limodzi la amenewo mutangomaliza gawo la Full House, mudzazindikira chipinda cha makoma atatu, mwana wa mawu akuthwa ndi kukhululukirana kwa kumapeto.

Fuller House lisungeni mpaka kumapeto

Pa 26 February 2016 Netflix inatulutsa Fuller House, limene linapitirira mpaka 2020 m'masizoni 5 ndi magawo 75. Musaliyambe musanafike kutali ndi loyambalo, chifukwa linalembedwera anthu amene akukumbukira, ndipo nthabwala zake zambiri zimadalira zimene munaona kale. Nkhani yake ndi yomweyo koma yotembenuzidwa. Tsopano wofedwa ndi D.J., amene Candace Cameron Bure akumuseweranso, ndipo ndi dokotala wa ziweto amene mwamuna wake, wozimitsa moto, wafera pantchito n'kumusiyira ana aamuna atatu. Amene akusamukira m'nyumba yakale ija kudzamuthandiza ndi mng'ono wake Stephanie ndi mnzake Kimmy, woseweredwa ndi Andrea Barber, amene akubwera ndi mwana wake wamkazi Ramona. Mary-Kate ndi Ashley Olsen, amene anali atasiya zisudzo n'kulowa ntchito yokonza zovala, sanabwerere, ndipo Michelle amangotchulidwa kuti ali ku New York.

Powonera gawo loyamba la Fuller House, mvetserani mmene anthu a m'situdiyo akufuulira munthu aliyense wakale akalowa pakhomo, asananene n'komwe mawu. Kufuula kumeneko sikukuchokera pa luso la gawolo, koma pa zaka zoposa 20 za kubwerezedwa kwa loyamba lija. Chakumapeto kwa gawolo chithunzi chikugawidwa pawiri, mbali ina kuonetsa banjalo mu 1987 likuimbira khanda lolira, mbali ina kuonetsa anthu omwewo atakula akuchita chimodzimodzi kwa khanda la D.J. Yerekezani gawoli ndi loyamba la 1987 tsiku limodzi, ndipo mudzifunse ngati chisoni cha D.J. wamkulu chapatsidwa malo ofanana ndi amene chinapatsidwa chisoni cha D.J. wa zaka 10. Ine ndimaona kuti m'kanthawi kochepa kamene iye akulira yekha m'chipinda cha khanda, osadziwa kuti ena akumumva kudzera pa kachipangizo komvetserera mwana, sewero latsopanoli linafika pafupi kwambiri ndi mtima wa lakale, ngakhale kuti magawo ambiri otsatira amathamangira ku maphwando, kuvina ndi nkhani za zibwenzi.

Fuller House linabwera m'nthawi imene makampani a ku America ankadzutsa masewero akale ambiri. Girl Meets World linali litayamba kale mu 2014 monga kupitiriza kwa Boy Meets World, Will & Grace linabwerera mu 2017, ndipo Roseanne linabwerera mu 2018. Ngati mukufuna kupima ngati kudzutsa sewero kwaphula kanthu, gwiritsani ntchito muyeso umene mwaphunzira pa banja la Tanner: onani ngati anthuwo aloledwa kukalamba ndi kusintha, kapena angobwezeretsedwa pamalo pamene munawasiya kuti anene mawu amene mumawadziwa kale.

Bob Saget anamwalira pa 9 January 2022 ku Orlando, m'chigawo cha Florida, ali ndi zaka 65. Amene ankamudziwa kudzera mwa Danny Tanner yekha, bambo wokonda ukhondo ndi kukumbatira ana, kapena kudzera pa pulogalamu ya pa TV ya America's Funniest Home Videos imene anaitsogolera kuyambira 1989 mpaka 1997, amadabwa akamva kuti nthabwala zake za papulatifomu zinali za akuluakulu okhaokha, choncho musazifunefune muli ndi ana pafupi. Mukamaliza zonse, bwererani ku gawo loyamba la 1987, pa kachigawo kaja ka Danny ndi D.J., ndipo muyang'ane nkhope yake pamene akuuza D.J. kuti nayenso amamusowa Pam. Anali ndi zaka 31 panthawiyo, ndipo iye mwini anali atangokhala bambo wa mwana wamkazi chaka chomwecho.